DZIKO LIRI LONSE NDI MPHIRI YACE

Akulu akale adati, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Masiku ano mau amenewa akwanira pa ife, pakuti m'midzi mwathu mabanja ambiri ali ndi mwana kapena mlongo amene ali kutali: wina ku minda ya nzimbe ya ku cigwa ca Shire, wina ku minda ya fodya ya ku Zimbabwe, wina ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ndipo ena adaoloka nyanja nakakhala ku Britain. Pocoka pamudzi timawalangiza za ndalama, za mowa ndi za mabwenzi oipa. Koma za njoka sitinena kanthu, poyesa kuti munthu wokulira m'munda aidziwa kale mphiri. Aidziwadi, koma aidziwa ya kwao yokha. Mphiri ya dziko lina imabvala cobvala cina, msinkhu wace ndi wina, ngakhale ululu wace womwe umasiyana. Cifukwa cace mwezi uno tifuna kuyenda nanu ulendo wautali, inu muli cikhalire pakhonde, kuti tikaone mphiri m'maiko mwao, ndi kuti pobwera tidziwe cimene cimasintha pa njoka imeneyi ndi cimene sicisintha konse.

Ku cigwa ca Shire

Tiyambire konkuno kwathu, kumunsi kwa dziko, ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Dziko la kumeneko ndi lotsika ndithu: pamene mtsinje wa Shire utulukira m'Malawi nulowa m'Mozambique mpokwera mamita 37 okha pamwamba pa nyanja ya mcere. M'mwezi wa October dzuwa limaswa mtengo, masamba a tsanya amayoyoka, udzu umauma nukhala wotuwa ngati dothi. Munthu angapenyetsetse pansi pa citsamba kanthawi ndithu osaona kanthu, cinkana mphiri iri pompo, itadzipinda pakati pa masamba ouma. Khungu lace ndi lotuwa, lofiirira pang'ono, ngati ladzola pfumbi, monga ziri mphiri zambiri za m'maiko otentha ndi ouma.

Tiipenye bwino ino ya kwathu, pakuti ndiyo muyeso umene tidzayesera zinzace. Kutalika kwace ndi ngati mita 1, koma ndi yonenepa ngati munsi. Mutu wace ndi wophwathalala, wotakata kumbuyo ndi wosongoka kutsogolo ngati kakhasu. Khosi ndi loonda, mcira ndi waufupi. Pamsana pace pali mizere yakuda yopindika ngati cilembo ca V, kawirikawiri 18 kufikira 22, ndipo nsonga zace zimaloza kumcira. Poyenda sikhotakhota monga njoka zina. Imakwawa molunjika ngati mbozi, nisiya mkukuluzi woongoka pa pfumbi.

Njoka zambiri zikamva mgugu wa mapazi zimathawa, koma mphiri sithawa. Imakhulupirira cobvala cace, nikhala duu pamalo amodzi masiku ambiri, mwina masabata, kulindira khoswe, mbewa kapena cule. Munthu akayandikira, nthawi zina imadzitukumula nipuma mwaukali kuti fuuu. Nthawi zina ingokhala cete kufikira aiponde. Ndipo ngakhale iyenda mwaulesi, pojompha ndi yofulumira kopambana diso. Ndico cifukwa cace m'Africa muno mphiri iri pakati pa njoka zimene zapweteka anthu ambiri kopambana zina zonse.

Mazira siikira, imabala ana amoyo, 20, 40, ngakhale 60 nthawi imodzi, ali yense wotalika ngati cikhatho, ndipo ali ndi ululu kuyambira tsiku lobadwa. Pali mau akuti anawo amaboola mimba ya mai wao namupha pobadwa. Mau amenewo sali oona.

Cimene cimaibveka mphiri

Tisanapitirire ulendo tifunse: kodi nciani cimaibveka mphiri ya m'dothi lotuwa cobvala cotuwa? Ena angayese kuti imasintha maanga ngati birimankhwe. Iai, mphiri imafa ndi maanga amene idabadwa nao. Imangowala pang'ono ikafundula khungu lakale. Kusinthako kumacitika m'mibadwo, ndipo kumafanana ndi cimene amai amacita pokolola. Mai amapatula cimanga ca maso akulu kuti cikhale mbeu, cotsala nicipita kumtondo. Akatero caka ndi caka, munda wace umabala cimanga ca mtundu umene iye akonda. Kuthengo nakonso kuli osankha: ciombankhanga, nang'omba ndi ciuli, zimene zimadya njoka. Ana a mphiri amene maanga ao aonekera pa dothi la kumeneko amadyedwa akali ang'ono, ndipo mbewa zimawaonera kutali nizithawa. Koma amene afanana ndi dothilo amakhuta, nakula, nabala ana ofanana nao. Pakapita mibadwo mazana ndi zikwi, mphiri za dziko lonselo zimafanana ndi nthaka yace. Tsono ngati pakati pagona cipululu, nyanja kapena cigwa cotentha cimene njoka sizingathe kuoloka, za tsidya lino sizikwatirananso ndi za tsidya lija, ndipo gulu liri lonse limatsata njira yace. Mau amenewa muwasunge, ndiwo kamba wa ulendo wathu.

Ku Chilwa ndi ku Nkhata Bay

Tikwere tsopano zitunda za Thyolo, tidutse Blantyre ndi Zomba, titsikire ku madambo a nyanja ya Chilwa. Mphiri yathu ija tiri nayo njira yonse, m'minda ya cimanga ndi m'mphepete mwa miseu. Koma m'dambo muli mphiri ya mtundu wina imene ambiri saidziwa. Sipitirira masentimita 60 kwenikweni, ndipo iri ndi madontho akuda m'mizere itatu. Usana imagona m'mauna a mbewa, usiku nituluka kukagwira acule. Pa dziko lonse lapansi imapezeka m'madambo owerengeka okha: a Chilwa, a Shire, a kumunsi kwa Zambezi kufikira ku Beira, ndi a kumpoto kwa nyanja ya Malawi. Ngakhale iri yaing'ono, olima mpunga ndi asodzi asaipeputse, pakuti ululu wace ndi woopsa.

Kucokera ku Chilwa tilunjike kumpoto, titsate nyanja ya Malawi kufikira ku Nkhata Bay, dziko la mvula yambiri ndi mitengo italiitali. M'nkhalango yowirira mphiri ya kumunda sikonda kulowa. Mwini malo ndi mkulu wace, imene Azungu amaicha Gaboon potsata dzina la dziko la Gabon. Mukaiona poyera mudzati yapfunda nsalu ya kusitolo: maanga a ngondya zitatu ndi a ngondya zinai, ofiirira, otuwa ndi akuda, olukana mwadongosolo, ndipo mutu wace ndi woyerera, wokhala ndi mzere pakati, ngati tsamba louma ndi mtsempha wace. Koma ikagona pa masamba akugwa, pamene dzuwa lilowa m'timipata ta nthambi, imazimirira kotheratu. Mano ace a ululu amafika masentimita 5, ndipo palibe njoka ina pa dziko lapansi imene iri ndi mano otalika cotero. Ndi yofatsa, siluma msanga, koma ikaluma imfa iri pafupi. Imapezekanso kumpoto kwa Zambia ndi m'nkhalango za kum'mawa kwa Zimbabwe. Ndipo pamene nkhalango idulidwa, iyonso imatha, pakuti cobvala cace nca m'nkhalango mokha.

Njira ya kumwera

Tibwerere tsopano, titsate njira imene agogo athu adayenda popita ku migodi: tioloke Zambezi pa Tete, tilowe m'Zimbabwe. Ca kum'mawa kwa dzikolo kuli mapiri a Nyanga, ndipo lalitali mwa iwo, la Nyangani, ndi lokwera mamita 2,592. Pamwamba pali nkhungu, mphepo yozizira ndi udzu waufupi. Pamenepo pamakhala kamphiri ka m'mapiri, kotalika masentimita 30 kapena 40, kamene kamaothera dzuwa pa miyala m'mawa. Mtundu umenewu umapezeka pa mapiri otalikirana: a Nyanga ndi Chimanimani, a Drakensberg, ndi a ku Cape. Pakati pao pagona zigwa zotentha, monga ca Limpopo, zimene kanjokako sikangathe kuoloka. Motero phiri liri lonse liri ngati cisumbu, ndipo mphiri zace ziri ndi maonekedwe aoao. Ululu wace ndi wodabwitsa: munthu wolumidwa zikope zimamgwa, amaona zinthu ziwiriziwiri, ndipo masiku angapo samva pfungo ngakhale kukoma kwa cakudya.

Tafika ku Johannesburg, kumene ambiri amati ku Joni. Kumeneko, m'caka ca 2015, anthu ophunzira a pa sukulu yaikulu ya Witwatersrand adalengeza cinthu cimene ciyenera kumveka m'mudzi uli wonse. Adaphunzitsa agalu kufunafuna pfungo la njoka, naphunzitsanso tinyama ta mtundu wa msulu tochedwa meerkat. Njoka zina zidapezeka msanga. Khungu lofundula la mphiri lidapezekanso. Koma pfungo la mphiri yamoyo lidawasokoneza agalu ndi tinyamato. Ndiye kuti mphiri imabisala ku mphuno monga ibisala ku maso. Musati, galu ali patsogolo, akadauwa. Galu angalumphe mphiri osadziwa kanthu.

Popitirira kumwera, ku Eastern Cape ndi ku maiko a pafupi ndi Cape Town, kumene mvula ndi mphepo ya kunyanja zimasunga zitsamba zobiriwira, tipeza mphiri yeniyeni ya mtundu wa kwathu itabvala mwina ndithu. Zambiri za kumeneko ndi zacikasu cowala ndi zakuda bii, ngati mabvu. Zowala cotero ziliponso ku mapiri a kum'mawa kwa Africa. Mnyamata wa ku Nsanje angaione nati, iyi si mphiri, ya kwathu siitero. Koma apenye mutu, apenye khosi loonda ndi mcira waufupi: ndi yomweyo. M'caka ca 2013 ophunzira ena, atayesa matupi a mphiri za kumwera kwa Africa, adapeza kuti ziri m'mapfuko osiyana. Kale lomwe, m'nyengo zimene dziko lidazizira ndi kuuma kwambiri, mphiri zidapulumukira m'malo otalikirana a m'mphepete mwa nyanja; nyengo itakoma zidafalikiranso nizikomana, pfuko liri lonse ndi cizindikiro cace m'magazi, monga aBanda ndi aMwale akomana m'mudzi umodzi.

M'zipululu za mcenga

Kucokera ku Cape tikhotere kumpoto ca kumadzulo, tilowe m'Kalahari ndi m'Namibia. Kuno kuli mphiri yaing'ono ya nyanga, yokhala ndi kanyanga pamwamba pa diso liri lonse, ndipo palibe ina yoonetsa bwino mau athu aja kopambana iyi. Pa mcenga wofiira wa Kalahari ndi yofiira. Pafupi ndi cigwa coyera ca mcere ca Etosha ndi yoyerera ngati phulusa. Pa miyala yotuwa ndi yotuwa. Mtundu ndi umodzi, zobvala ndi zambiri.

M'mphepete mwa nyanja ya Atlantic muli cipululu ca Namib, ca milu ya mcenga yaitali ngati mapiri, kumene mvula imasowa zaka. M'menemo mumakhala kamphiri kotalika masentimita 25 kapena kucepera. Maso ace ali pamwamba pa mutu, kotero kuti kamadzikwirira konse mumcenga, maso okha ali kunja, kulindira abuluzi. Poyenda kamadziponya cam'mbali, kuti thupi lisakhudze kwambiri mcenga wotentha ndi woterereka. Madzi kamamwa a nkhungu yocokera kunyanja, imene imasanduka timadontho pa thupi lace m'mamawa.

Ku Somalia, ku Arabia ndi ku Morocco

Tidumphe tsopano Africa yense, tipite kumpoto ca kum'mawa, ku Somalia ndi ku zigawo zouma za Kenya zoyandikana naye. Tapezananso ndi mphiri ya mtundu wa kwathu, koma mukaitembenuza mudzaona kusiyana: mamba a kunsi kwa mcira wace ndi okhakhala, pamene a mphiri ya kwathu ndi osalala. Za kubala, mphiri ina yaikazi yocokera ku Kenya, yosungidwa m'malo oonetsera nyama ku dziko la Czech, idabala ana 156 nthawi imodzi. Palibe njoka ina yodziwika imene idabala ana ocuruka cotero.

Msinkhu nawonso umatsata dziko. Mphiri zazikulu kopambana za m'Africa zidafika masentimita 190, kulemera kwace kupitirira makilogalamu 6, kunenepa ngati nchafu ya mnyamata. Koma tikaoloka Nyanja Yofiira, tifike ku mapiri a kumwera ca kumadzulo kwa Arabia, tipeza mphiri za mtundu womwewo zimene kawirikawiri sizipitirira masentimita 80. Ndipo kutali kumadzulo, kumwera kwa Morocco, kuli kagulu kena kokhala pakokha, kolekanitsidwa ndi abale ace ndi cipululu ca Sahara. Kudafika bwanji kumeneko? Sahara sidali cipululu nthawi zonse. Zaka zikwi zingapo zapitazo idali ndi udzu, mitsinje ndi nyanja, ndipo anthu a nthawi imeneyo adajambula ng'ombe ndi mvuu pa miyala ya kumeneko. Dziko litauma njira idatsekeka, otsala tsidya lija nakhala komweko.

Mphiri ya ku maiko a cisanu

Tioloke nyanja ya Mediterranean, tilowe ku Ulaya. Mphiri ya kwathu yatsala m'mbuyo, koma kuli msuwani wace wamng'ono, amene Angelezi amati adder. Kutalika kwace ndi ngati masentimita 60, ndipo pamsana pace pali mzere umodzi wakuda wokhotakhota kuyambira kukhosi kufikira kumcira. Zazimuna zambiri ndi zotuwa, zazikazi ndi zofiirira. Palibe njoka ina ya pamtunda imene idatenga dziko lalikulu ngati iyi: kuyambira ku Britain, kudutsa Russia yense, kufikira ku cisumbu ca Sakhalin pa nyanja ya Pacific, ndipo kumpoto imafika ku maiko amene dzuwa silowa usiku wonse m'mwezi wa June. Ku Ireland kulibe. Ku Britain ndiyo njoka yokha ya ululu ya m'dzikomo, ndipo munthu wotsiriza kufa nayo adafa m'caka ca 1975. Komabe abale athu okhala kumeneko asalole ana kuigwira akaiona ikuothera dzuwa m'zitsamba m'miyezi ya March ndi April.

Kumeneko mdani wamkulu wa njoka ndiye cisanu. Njoka iribe moto wa m'thupi monga ife. Imafunda ndi dzuwa. Cifukwa cace m'miyezi ya cipale cofewa mphiri zimenezi zimagona pansi m'maenje, zambiri pamodzi, osadya kanthu. Kumpoto kwenikweni zimagona miyezi yoposa theka la caka. Yaikazi simabala caka ndi caka, koma kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu, cifukwa masiku ofunda ndi ocepa. Ndipo m'mapiri ozizira ndi m'zigawo zina za kumpoto mumapezeka zambiri zakuda thupi lonse. Cifukwa cace mucidziwa inu nonse amene mudabvalapo malaya akuda pa dzuwa: cakuda cimatentha msanga. Mphiri yakuda imafunda msanga m'mawa niyamba kusaka zinzace zikali zouma ndi cisanu. Koma mbalame zimaionanso msanga. Motero dziko liri lonse limayesa phindu ndi tsoka la cobvala cakuda pa muyeso wacewace.

Pa nsonga ya kumwera kwa dziko la Sweden pali malo ochedwa Smygehuk, ndipo mbiri ya mphiri za pamenepo iyenera kusimbidwa. Zidakhala pa kadambo kakang'ono, kotalika ngati kilomita 1, nyanja mbali ina, minda yolimidwa mbali ina, kotero kuti mlendo sadathe kufikako. Zidatsala zosakwana 40, zonse pacibale, nizikwatirana zokhazokha. Ana ambiri adayamba kubadwa akufa kapena opunduka, ndipo gulu lidali pafupi kutha. M'caka ca 1992 munthu wophunzira za njoka, dzina lace Thomas Madsen, pamodzi ndi anzace, adabwera nazo zazimuna 20 zocokera kwina nazitaya pamenepo. Magazi acilendo atalowa, ana amoyo adacuruka, ndipo m'caka ca 1999 adalengeza kuti gulu lija lauka. Makolo athu adacidziwa cimeneci pamene adaletsa ukwati wa pacibale. Koma patapita zaka anthu adamanga nyumba ndi linga pakati pa kadamboko, nachinga njira ya njokazo, ndipo zidacepanso kwambiri. Dziko limene limaibveka mphiri likadulidwa tizidutswa, mphiri imatha.

Ululu nawonso uli ndi kwao

Cobvala ndi msinkhu timaziona ndi maso, koma pali kusiyana kwina kosaoneka, kumene kukhudza moyo wa munthu. Ululu wa mphiri ya kwathu umaononga mnofu ndi magazi: polumidwa pamapweteka koopsa, mwendo umatupa kukwera kumtunda, pamatuluka matuza, ndipo munthu akacedwa mnofu umaola, kotero kuti ena adadulidwa cala, phazi kapena mwendo wonse. M'caka ca 2010 ophunzira a ku Liverpool adayesa ululu wa mphiri zocokera ku maiko osiyana, napeza kuti suli wofanana. Umasiyana dziko ndi dziko, ngakhale njoka ndi njoka inzace.

Nanga cimeneci citikhudza bwanji? Mankhwala olaka ululu, amene adokotala amati antivenom, adayamba ndi dokotala wa ku France, Albert Calmette, m'zaka za 1894 ndi 1895, ndipo njira yace ikali yomweyo. Amakama ululu wa njoka, nabaya nawo kavalo pang'onopang'ono kufikira magazi ace ataphunzira kuugonjetsa. M'magazi amenewo ndimo atenga mankhwala. Tsono kavalo amaphunzira ululu umene adapatsidwa wokha. Mankhwala opangidwira njoka za ku India sangathe kupulumutsa munthu wolumidwa ndi mphiri ya ku Dedza. Ndico cifukwa cace opanga mankhwala ayenera kudziwa mphiri za dziko liri lonse, ndipo ife sitiyenera kukhulupirira botolo liri lonse logulitsidwa pamsika. Bungwe la World Health Organization, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, limawerenga kuti anthu 81,000 kufikira 138,000 amafa ndi njoka caka ciri conse, ndipo m'caka ca 2017 lidaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa nthenda zonyalanyazidwa za m'maiko otentha. Ambiri mwa akufawo ndi alimi a m'midzi ndi ana ao, anthu onga ife.

Pobwerera kwathu

Tayenda kutali, ndipo tabwera ndi nzeru iyi: maanga a mphiri ndi a dziko, asakunyengeni. Yotuwa, yacikasu, yofiira kapena yakuda, muizindikire ndi mutu wotakata, khosi loonda, thupi lonenepa, mcira waufupi, ndi khalidwe lace losathawa. Njoka imene simuidziwa muiyese yoopsa, muilambalale.

Coyamba, tipewe kulumidwa. Usiku musayende opanda nyali kapena muuni, ngakhale popita kuseri kwa nyumba, pakuti mphiri imakonda kugona pa njira imene idafunda ndi dzuwa. Amene ali ndi nsapato abvale popita kumunda. Amai potola nkhuni, ndi abambo pogwetsa mikukwe, ayambe agwedeza ndi ndodo asanapise dzanja. Anyamata okumba mbewa asalowetse mkono m'una umene saona mapeto ace. Lambulani udzu kuzungulira nyumba, ndipo musalole makoswe kucuruka kunkhokwe, pakuti kumene kuli makoswe mphiri imatsatako.

Caciwiri, wina akalumidwa, mumcotse pamalopo, mumkhazike mtima pansi, ndipo mumbvule mphete, zibangiri ndi nsapato thupi lisanatupe. Musamange mwendo ndi cingwe kapena luzi, cifukwa kumanga kumaonjeza kuola kwa mnofu. Musateme mphini, musayamwe bala, musampatse mowa. Ngakhale mwala wakuda uja umene ena amasunga m'nyumba, poyesedwa udapezeka kuti sutulutsa ululu wolowa m'thupi. Mwendo wolumidwa usagwedezeke; mumnyamule munthuyo pa macira, pa njinga kapena pa ngolo, mupite naye ku cipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Musataye nthawi kusaka njokayo, ndipo mutu wa mphiri yakufa musaugwire, pakuti ungathe kuluma ngakhale utadulidwa. Kucedwa ndiko kumadula miyendo, ndipo pepani sapoletsa cilonda.

Cacitatu, mphiri imene mwaipeza kuthengo, kutali ndi nyumba, muisiye. Ambiri amalumidwa pofuna kuipha. Ndiponso mphiri imodzi imadya makoswe ndi mbewa zimene zikadatha cimanga cathu.

Inu makolo, mau awa muwawerengere ana madzulo ano. Ndipo polemba kalata kwa amene ali ku Nchalo, ku Mutare, ku Cape Town kapena ku Britain, muonjezepo mzere umodzi wa mphiri ya kumeneko. Wakutsina khutu ndi mnansi.